Mutu ukakula sulewa nkhonya: lipoti la mayi wina wa ntchito ya care kuno ku England

Ndine nesi wa za matenda a maganizo, ndimagwira ntchito kumpoto kwa England, ndipo Loweruka lina ndimakhala pa holo ina ya tchalitchi pomwe anthu akuda, ambiri a kwathu ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Nigeria, amabwera kudzacheza komanso kudzafunsa za umoyo. Si kiliniki ayi, pamenepo sindipereka mankhwala, ndimamvetsera, kuyeza BP, kuona mmene munthu alili nkumulozera koyenera. Nkhani ndikulembayi eni ake anavomera kuti ndilembe, dzina sinditchula, tauni sinditchula, malo awo a ntchito sinditchula, ndipo zina ndasintha dala kuti olo mnzawo wapamtima asawazindikire. Ndiziwatchula kuti achemwali poti ndi mmene ndinkawaitanira, iwo ankanditi asisi.

Anabwera koyamba mu November 2024, nthawi ija mawotchi abwezedwa mmbuyo ndipo ikamati 4 koloko masana kunja kwada kale. Mayi wa zaka 38, woyamba kubadwa mwa ana asanu ndi mmodzi, ana awo awiri anawasiya kwa agogo awo ku Blantyre, ukwati unatha kalekale. Anafika kuno mu 2022 pa Health and Care Worker visa, chaka chomwe boma la UK linatsegula khomo loti ogwira ntchito yosamalira okalamba azichokera kunja. Chimene anabwerera ndi BP basi. Akuti mutu ukundipweteka tsiku ndi tsiku, mtima ukumathamanga ngati ndakwera phiri, pachifuwa pakumathina, kumapazi kukumatentha usiku, panado ndamwa mpaka ndatopa naye. BP inali yokwererako pang'ono koma osati yoti nkufotokoza zonsezo. Ndinawafunsa kuti mukumagona bwanji, anaseka pang'ono nkuti tulo ndinasiyana nato mu August, ndikagona kwambiri ndi maola atatu.

Apa ndi pomwe ndimafuna anzanga ogwira ntchito ngati yangayi amvetse. Munthu wa kwathu kawirikawiri salowa pakhomo nkunena kuti ndili ndi dipureshoni. Amakuuza za mutu, za msana, za mtima, ukafunsa bwinobwino amati ndikungoganiza kwambiri. Ku Zimbabwe amati kufungisisa, nkhani yake ndi yomweyo. Mawu oti matenda a maganizo kwa ambirife amatipititsa ku Zomba Mental pompo, amatikumbutsa munthu wotola zinyalala pamsika, nde palibe amene angafune kudziika mgulu limenelo. Ndikanati tsiku limenelo ndingoyeza BP nkunena kuti chepetsani mchere, akanapita osabweranso ndipo ndikanaganiza kuti ndagwira ntchito.

Tinakhala pakona mphindi pafupifupi 40. Mbiri yake inatuluka pang'onopang'ono, osati mwadongosolo ngati mmene ndikulembera pano. Kuti abwere kuno analipira munthu wina wapakati ndalama zambiri kuti awapezere pepala la sponsorship, lija olemba ntchito amapereka kuti munthu apeze visa, zomwe siziyenera kugulitsidwa nkomwe, ndipo ndalamazo zina anakongola katapila, zina anapinyolitsa puloti ya amalume awo. Asanamalize nkubweza komwe kunabwera namondwe wa Freddy mu March 2023, nyumba ya amayi awo inagwa mbali imodzi, anthu anapulumuka koma katundu anapita ndi matope, anansi ena omwe anakula nawo anamwalira, iwo zonsezo ankazionera pa WhatsApp ali pa shifiti, maliro osapita. Kenako November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, mitengo kumudzi inakwera, ndipo mafoni anachuluka poti aliyense ankawerengera kuti paundi yakwera nde mlongo wathu walemera. Fizi ya ana awo, fizi ya ana a mng'ono wawo, feteleza, simenti, mankhwala a shuga a amayi, chopepesa pamaliro aliwonse a pamtundu. Malipiro ake anali aja otsikitsitsa ovomerezeka, £11.44 pa ola nthawi imeneyo, renti ya chipinda chimodzi mnyumba yogawana ndi anthu anayi, nde kuti zikwane ankagwira ma night anayi a maola 12 pamalo awo enieni kenako nkukawonjezera ma shifiti ena ku agency, kampani yotumiza antchito komwe kwaperewera anthu. Sabata zina zinkakwana maola 60 kapena kuposa. Nditawafunsa kuti inuyo mumadzisungirako zingati, anandiyang'ana ngati ndafunsa zachilendo, nkuti asisi mutu ukakula sulewa nkhonya, ndikapanda ine achita ndani.

Za kuntchito sanafune kunena tsiku loyamba, zinatuluka patsogolo. Panali gogo wina wodwala matenda oiwalaiwala amene ankakuwa kuti wakudayo asandigwire, nkumawalavulira. Zimenezo akuti ankazipirira poti gogoyo ndi wodwala. Chimene chinkawadya ndi anthu abwinobwino, mwana wa gogo wina amene ankawerenga zinthu za mu kabati iwo akangotuluka mchipinda, anzawo a ntchito amene ankawasiyira onse olemera kunyamula ndi onse odziipitsira, manejala amene atamudandaulira anangoti musazitengere kumtima. Tsiku lina atayankha mokweza pang'ono analembedwa kuti ndi aukali, ndipo kuyambira pamenepo anatseka pakamwa, poti visa yawo ili mmanja mwa olemba ntchito omwewo, akakuchotsa umakhala ndi masiku 60 oti upeze sponsor wina apo ayi uzipita. Kenako kunabwera zipolowe zija za kumapeto kwa July ndi kuyamba kwa August 2024, ana aakazi atatu ataphedwa ku Southport, magulu akuphwanya mashopu ku Sunderland ndi Middlesbrough, ku Rotherham mpaka kufuna kuotcha hotela yomwe munkakhala anthu opempha chitetezo. Achemwali ankadikira basi 9 koloko usiku atavala yunifomu, anyamata ena pagalimoto anawakuwiza kuti bwerera kwanu nkuwagenda ndi chitini. Sanavulale. Koma kuyambira usiku umenewo akangotseka maso thupi linkadzidzimuka lokha.

Ndinagwiritsa ntchito mafunso aja a PHQ-9, oyezera kukhumudwa, ndi GAD-7, oyezera nkhawa, koma ndinawafunsa m'Chichewa ngati tikucheza, pepala ndinalemba pambuyo. PHQ-9 inatuluka 19 mwa 27, GAD-7 inatuluka 16 mwa 21, kutanthauza kuti kukhumudwa kwafika pokulirapo ndithu ndipo nkhawa ili pamwamba. Chakudya sichinkalowa, ankangodya buledi ndi tiyi, siketi zinayamba kukhwepa, kwaya anasiya, foni ya ana awo ikamalira nthawi zina ankangoiyang'ana osayankha kenako nkulira kuti ndine mayi wotani ine. Mowa samwa, za kumva mawu kapena kuona zinthu zosaoneka panalibe. Funso lovuta lija ndinafunsa mosazungulira, kuti achemwali, munayamba mwaganizapo zodzipha? Anthu amaopa kuti ukafunsa choncho ukumupatsa munthu maganizo, si zoona, ambiri amapumira mmwamba kuti pali wina wafunsa. Anakhala chete nthawi ndithu nkuti kudzipha ayi, ndimaopa Mulungu komanso ana anga, koma nthawi zambiri ndimapemphera kuti ndikagona ndisadzukenso. Pulani panalibe, sanayesepo, koma mawu amenewo sindiwatenga mopepuka. Tinalemba limodzi mufoni mwawo zoti achite usiku zikafika poipa, ndani amuimbire, nambala ya Samaritans, bungwe lomvetsera anthu amene ali pamavuto, 116 123, yomwe ndi yaulere usana ndi usiku, 111 ya achipatala nkusankha za maganizo, ndi 999 zikafika pangozi.

Apa ndiye ndinalakwitsa, ndipo ndikulemba kuti ena asabwereze. Nditaona manambala aja ndinathamanga, ndinayamba kuwauza za GP, dokotala wa mdera amene munthu umayamba kumuona ukadwala, za mankhwala, za NHS Talking Therapies, uphungu wa zipatala za boma kuno zotchedwa NHS, komwe munthu umatha kudzilembetsa wekha pa intaneti, zonse nthawi imodzi. Anavomera chilichonse mwaulemu, eya asisi, zikomo asisi, kenako anasowa sabata zitatu, mameseji osayankha. Sabata zimenezo sindinagone bwino nanenso. Ndinkatumiza uthenga waufupi kamodzi pa masiku angapo, woti ndikukuganizirani, ndilipo Loweruka, ndipo ndinauza amene amandiyang'anira pa ntchito yodziperekayi kuti tigwirizane pomwe tingafike poimbira ena ngati kuli zii mpaka kale.

Atabweranso ndinapepesa, nkufunsa chimene ndinayenera kufunsa poyamba, kuti mukuopa chani. Zinali zitatu ndipo zonse zinali ndi mutu. Choyamba ankaopa kuti GP akauza abwana awo kapena Home Office, unduna woona za ma visa, visa nkutha. Chachiwiri anati munthu wakuda ukangonena za mutu kuno amakutsekera. Chachitatu anachinena akuyang'ana pansi, anati inu ndinu a kwathu, Amalawi kuno tilipo ochepa, mawa nkhani yanga ndiimva ku bridal shower.

Chachiwiricho sindikanawanamiza. Ziwerengero za NHS chaka ndi chaka zimaonetsa kuti ku England anthu akuda amatsekeredwa mchipatala pansi pa lamulo la Mental Health Act la 1983 kuposa katatu poyerekeza ndi azungu, ndipo kafukufuku wa lamuloli amene anatsogolera Simon Wessely mu 2018 anavomereza poyera kuti vutoli lilipo. Mayina a David Bennett amene anamwalira mu 1998 ku Norwich atapanikizidwa pansi ndi ogwira ntchito mchipatala, ndi Seni Lewis amene anamwalira mu 2010 atapanikizidwa ndi apolisi mchipatala ku London, anthu akuda kuno amawadziwa, mpaka lamulo la 2018 loletsa kugwiritsa ntchito mphamvu mosayenera mmawodi amenewa limatchedwa Seni's Law. Ine ndimagwira ntchito mkati mwa dongosolo lomwelo, nde ndinawauza kuti mantha anuwo si amisala, ali ndi pochokera. Koma ndinawafotokozeranso zomwe ndimaona ndi maso anga, kuti ambiri a ife timafika kuchipatala mochedwa, zinthu zitaphulika, pa ambulansi kapena ndi apolisi, ndipo khomo limenelo ndi lomwe limathera kotsekeredwa. Munthu wopita yekha kwa GP masana nkukanena kuti sindikugona, ndikulira, amatuluka ndi pepala la mankhwala kapena la uphungu nkubwerera kwawo. Za visa ndinawauza kuti GP sauza olemba ntchito zomwe mwakambirana, ndipo kudwala maganizo si mlandu. Za ine, ndinawauza kuti ndikatulutsa nkhani yanu PIN yanga, nambala ya chilolezo changa cha unesi, ikhoza kupita, komanso ndinawapatsa ufulu kuti ngati mukufuna munthu wakuda koma osati Mmalawi tikhoza kufufuza ku Black, African and Asian Therapy Network kapena ku Black Minds Matter UK. Anthu amaganiza kuti kufanana mtundu ndi chilankhulo kumathetsa zonse. Kumathandiza kwambiri inde, sindinafunike kufotokozeredwa kuti katapila ndi chani kapena chifukwa chomwe mwana woyamba sangakane foni ya amayi ake, koma kumabweranso ndi mantha a miseche, ndipo ukapanda kuzitchula wekha munthu amangosowa.

Anasankha kupitiriza ndi ine kwinaku akudikira uphungu wa NHS. Kwa GP tinalembera limodzi kapepala ka zoti akanene, poti mphindi 10 zimatha munthu usanayambe, ndipo ndinawapempha kuti akapemphe kuyezedwa magazi. Zotsatira zinaonetsa kuti ayironi ndi wochepa ndipo vitamin D ali pansi kwambiri, chithokomiro chili bwino. Izi kwa ife akhungu lakuda kuno nzofala, dzuwa ndi lochepa, nchifukwa chake NHS imalangiza kuti tiziganizira kumwa ma microgram 10 a vitamin D tsiku lililonse chaka chonse, nanji munthu wogwira usiku nkumagona masana. Sindikunena kuti vitamin D ndi amene anawadwalitsa maganizo ayi, koma kutopa ndi kuphwanya kwa thupi kunali ndi mbali yake pamenepo, ndipo kwa iwo kumva kuti magazi aonetsa kanthu kunawamasula, anati ndiye kuti sindimanamizira. GP anawayambitsa sertraline 50mg, mankhwala a dipureshoni ndi nkhawa. Sabata yoyamba anandiimbira kuti akumva nseru ndipo nkhawa yakwera, akufuna kusiya, ndinawauza kuti zimachitika poyamba, azimwa atadya, adziwitse GP zikapitirira, ndipo phindu lake limayamba kuoneka pakatha sabata zinayi mpaka zisanu ndi imodzi. Anapatsidwanso fit note, kalata ya dokotala yoti apume kuntchito, ya sabata ziwiri. Asanaipereke anafunsa kaye kwa mlangizi wa ku union ya ogwira ntchito, yomwe analowa mwezi womwewo, kuti atsimikize kuti tchuthi cha matenda sichikhudza visa yawo.

Pokumana pathu ndinabwereka njira ya Friendship Bench, ija anayambitsa Dixon Chibanda ku Harare mu 2006, yomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa kiliniki nkumathandiza anthu kumasula mavuto limodzilimodzi. Iwo m'Chishona amati kuvhura pfungwa, kutsegula maganizo, kenako kusimudzira, kumudzutsa munthu, kenako kusimbisa, kumulimbitsa. Chomwe ndimaikondera nchoti siyamba ndi dzina la matenda, imayamba ndi funso loti mwa mavuto onsewa tiyambe ndi liti. Ine ndinkaganiza kuti asankha za kuntchito. Anasankha foni.

Nde tinathera masabata awiri pa nkhani ya foni basi. Ankagona nayo pansi pa pilo, ikalira 11 koloko mmawa, iwo atangogona kumene kuchokera ku night, ankadzuka poopa kuti mwina ndi maliro. Tinagwirizana kuti pogona foni izikhala pa silent kupatula nambala imodzi ya mng'ono wawo amene amakhala ndi amayi, ndipo iyeyo anauzidwa kuti aziimba pokhapokha pali matenda kapena maliro. Anagula makatani ochindikala otchinga kuwala. Kenako ndalama. Tinalemba papepala zonse zomwe anatumiza miyezi itatu yapitayo kuchokera mu app yawo, ataona chiwerengero anagwira pakamwa, zinali zoposa theka la malipiro. Sindinawauze kuti asiye kutumiza, malangizo amenewo ndi a munthu wosatidziwa, ndipo akanangowawonjezera kudziimba mlandu. Tinapanga zoti pakhale ndalama yokhazikika kamodzi pamwezi, tsiku lodziwika, fizi ya ana ndi mankhwala a amayi poyamba, ngongole ya puloti pambuyo, zotsalazo abale agawane okha, ndipo kenakake kochepa kazitsala kuno. Kuwauza abale ndiye inali nkhondo. Tinayeserera mawu ake pa holo pompo, ine ndikukhala ngati mchimwene wawo. Mchimwene weniweniyo anakwiya, anati mwayamba chizungu, anakhala mwezi osawayankhula, ndipo achemwali sabata imeneyo anabwerera mmbuyo, tulo tinasowanso, PHQ-9 inakweranso. Amene anathetsa nkhaniyo ndi amayi awo, atamva kuti mwana wawo akumwa mankhwala anaitanitsa ana onse nkuwauza kuti mukufuna abwere mu bokosi kodi.

Za chikhulupiriro sindinalimbane nazo. Ankasala kudya masiku atatu motsatizana ali pa night, poganiza kuti kusagonaku ndi chiwanda kapena kuchepa kwa chikhulupiriro. Ndinawafunsa ngati amayi awo amasiya mankhwala a shuga akamapemphera, anati ayi. Mwa chilolezo chawo anakambirana ndi mayi busa wa pa mpingo wawo, amene mwamwayi anali womvetsa, anawauza kuti kusala aimitse kaye, mankhwala amwe, kupemphera apitirize, ndipo anawabweza ku kwaya. Sikuti nthawi zonse zimatha chonchi, ndaonapo ena akuuzidwa kuti ataye mankhwala nkudzafika kuwodi kwathu atafooka kwambiri.

Mawu oti kudzisamalira poyamba ankawakana, ankati zimenezo nza anthu opanda mavuto, za makandulo ndi kusamba mthovu. Kwa iwo kudzisamalira kunadzakhala zinthu wamba. Kugona maola asanu ndi limodzi osadukiza. Kusiya ma shifiti a agency awiri pamwezi. Kuphika nsima ndi usipa ndi chigwada Lamlungu nkudya ndi mnzawo wa ku Zambia mmalo modya buledi okha mchipinda. Kukalukitsa tsitsi, lomwe linatha miyezi isanu lili mu duku. Kuyenda panja mphindi 20 masana kusanade. Kuimbira ana pa vidiyo Lachitatu ndi Lamlungu pa nthawi yoikika, nkhani ya ndalama osaitchula pa foni imeneyo. Ndi china chomwe ndimachiona kuti nchachikulu, kabuku. Ndinawapempha kuti chilichonse chochitika kuntchito azilemba, tsiku, nthawi, amene analipo, mawu amene ananenedwa. Poyamba chinali cha umboni, poti Equality Act ya 2010 imaletsa tsankho pantchito ndipo union imafuna zolembedwa. Koma anadzandiuza okha kuti kulembako kunawachotsera funso lomwe linkawazunguza usiku, loti kodi mwina vuto ndine. Ankati walira mvula walira matope, ndinafuna UK ndekha. Ndinawayankha kuti munalira ntchito, simunalire kulavuliridwa, ndipo tsankho tinalitchula dzina lake mchipinda muja mobwerezabwereza mpaka anayamba kulitchula okha.

Uphungu wa NHS unayamba mu February 2025, pa foni. Mlangizi wake anali mzungu, ndipo pa gawo loyamba achemwali atanena za kuntchito anafunsidwa ngati mwina pali njira ina yoonera zomwe anzawo ankachita. Zinawapweteka, anafuna kusiya. Tinakambirana, anabwerera nkukamuuza mlangiziyo mosabisa kuti zomwe ndikukuuzanizi si maganizo olakwika, zikuchitikadi, ndithandizeni mmene ndingakhalire nazo. Mlangiziyo anamva, anapepesa, ndipo magawo otsatirawo anawathandiza kwambiri pa mantha a pa siteji ya basi aja.

Pofika May 2025 PHQ-9 inali 7, GAD-7 inali 8, maganizo oti ndisadzukenso anali atatha miyezi itatu osabwera, thupi linabwerera, mutu ukumapweteka mwa apo ndi apo. Sikuti zonse zatha. Ngongole ya puloti idakalipo, ana adakali ku Blantyre ndipo sanawaone kuyambira 2022, dandaulo lomwe anapereka kuntchito linangothera poti anawasintha mbali yogwirira, amene ankawazunza aja palibe chinawachitikira, ndipo akufunafuna sponsor wina mwakachetechete. Mankhwala anagwirizana ndi GP kuti apitiriza miyezi yosachepera isanu ndi umodzi chiyambireni kupeza bwino, osasiya okha mwadzidzidzi, ndipo tinalemba zizindikiro zawo zoyamba, kusayankha foni ya ana ndi kubwerera ku buledi ndi tiyi, kuti zikangooneka adziwe kuti nthawi yoimba yakwana. Tinapangana kudzaonananso mu October mdima ukamayamba.

Pa phwando la 6 July la Amalawi a dera lathu tinakumana pa mzere wa chakudya. Tinali titagwirizana kale mmene tidzachitire zikadzatero, nde tinapatsana moni wa anthu ongodziwana patali, mwaswera bwanji, ndaswera bwino kaya inu, iwo nkutenga mbale yawo kupita kukakhala ndi anzawo a kwaya.